Nyanja Yakaunjika

Ndagula nyanja yakaunjika ku Kamwendo.
Mwini wake, Kachigamba, watseka loji,
ngongole yamugwira pakhosi,
ndiye zonse zili pamalonda: mipando, mafiriji, makatani,
ndi thanki iyi ya malita mazana anayi
imene alendo ankaiyang'ana podikira tchipisi.

Tinainyamula amuna asanu ndi mmodzi
monga anyamulira bokosi la munthu wolemekezeka,
pang'onopang'ono, osatsokomola.
Pa pikapu ya Lufeyo tinayala matiresi awiri,
ine kumbuyo, nditaikumbatira,
kukuwa pa bampu iliyonse mpaka pa Boma.

Nangondo anaima pakhomo, manja m'chiuno.
"Mtedza wa chaka chonse uja ndi uwu? Galasi?"
Ndinati ndi nyanja.
"Nyanja yokandikakandika chonchi?"
Sananame. Guluu wa m'makona wachita chikasu
ngati mano a wosuta chingambwe,
ndipo mwana wina anazokotapo dzina ndi msomali:
Esinala.

Koma Nangondo sanaione Nacala.
Zaka khumi ndi zisanu ndinakoka feteleza pa lole,
ndipo tsiku lina, mapepala atachedwa padoko,
msodzi anandibwereka galasi lovala kumaso.
Ndinamiza mutu.
Ndinaona munda wopanda mizere, wosadziwa khasu,
miyala itaphuka maluwa, ikupuma.
Chiyambire tsikulo, Bua wandichepera.

Kathanki kakale ndinayamba nako nditapuma ntchito,
kongofanana ndi katoni ya sopo.
Miyala yamoyo ija inakula mpaka kugundana zigongono,
kuwotchana usiku ngati mitala ya nyumba imodzi.

Masiku atatu yatsopanoyi inagona pakhonde
itadzaza madzi a pampopi, nyuzipepala pansi,
ine m'mawa uliwonse kugwada, kupapasa,
kufunafuna dontho ngati mfiti yofuna mwazi.
Nyuzi inauma gwa.

Mchere wake si wothira m'ndiwo.
Umabwera pa basi ya ku Joni, ndowa imodzi mtengo wa mbuzi,
ndimauyeza pa sikelo yomwe ija ya mtedza.
Kenako kudikira. Madzi nawo amafuna kupsa,
sathamangitsidwa, ali ngati masese.
Masabata asanu ndinaweta thanki yopanda kanthu,
anansi akubwera kudzaona mchenga,
kutuluka akugwedeza mitu.

Magetsi atazima usiku wa Lachinayi,
batire la lole nalo litafooka,
ndinavundula madzi ndi chikho mpaka tambala woyamba.
Nditasinza, chikho chinapitiriza kulira.
Anali Nangondo, atafunda chitenje,
akuti, "Ndikuteteza mtedza wanga."

Lero ndiye tsiku la msamuko.
Miyala yatsogola, umodziumodzi, m'beseni losambira.
M'phanga la mwala wa Kachigamba mwatuluka kankhanu
kamene sindinalipire, kokwera matola mobisala.
Pomaliza nsomba zanga ziwiri,
zofiirira ngati nachesi, malamba oyera m'chiuno,
Dalaivala ndi Kondakitala.

Ndimati zithamanga, ziyese msewu wonse.
Ayi.
Zasambira chikhatho chimodzi, ziwiri, zitatu,
nkukhota
pamalo penipeni pamene panali khoma lakale.
Kutsogolo kuli madzi okhaokha, mbee,
koma izo zikubwerera, zikubwerera,
kulemekeza galasi lomwe kulibe.

Ndaseka. Kenako ndaleka.
Ine amene ndimadzukabe folo koloko
kupapasa makiyi a lole imene inagulitsidwa kale,
ndiseke ndani?

Nangondo wakoka mpando, wakhala.
Kuwala kwa buluu kwamutsuka makwinya.
Kondakitala watulutsa mphuno kupyola malire aja,
pang'ono chabe, pansi pa dzina la Esinala,
wabwerera msanga kukauza mnzake.

"Kathanki kakaleko musagulitse," watero Nangondo,
maso osachotsa pamadzi.
"Ndifesemo tomato."